Njerwa Yakale Imaulula Moto Umene Inapsa Nawo

Bambo ena a ku Chilomoni atilembera kalata. Akufunsa chifukwa chake okonza nyumba zakale, monga tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chomangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, sayenera kungogula njerwa zatsopano ndi simenti.

Funso lawoli ndi lofunika zedi. Akatswiri amabenthula kachidutswa ka njerwa yakale, n'kukapera ngati ufa, n'kukaunika ndi makina a X-ray. Akapezamo mwala wotchedwa calcite, kawirikawiri ndiye kuti moto wa mu uvuni sunapitirire madigiri 800, poti mwalawu umasweka pamenepo. Njerwa yotereyi ndi yofewa, imamwa madzi. Kuimata simenti n'kuipha: chinyezi chimatsekeredwa m'kati, mchere umaundana pamwamba, njerwa n'kuyamba kufumbutuka.

Ndiye okonzawo amaumba njerwa zina zofanana ndi zakalezo, n'kumangira laimu.