Malangizo: Tetezani Wi-Fi ndi ndalama za bizinesi yanu

Malangizowa ndi a inu a ku Riverside, makamaka inu amayi ndi abambo osunga nyumba zogonamo ophunzira a pa Copperbelt University, komanso inu a timashopu tosindikiza mapepala m'mbali mwa Jambo Drive.

Tembenuzani rauta yanu. Pansi pake pali kapepala kolembedwa pasiwedi ya kufakitale, ndipo aliyense amene anaigwirapo rautayo akhoza kuidziwa. Isintheni lero lomwe, muike mawu aatali osakaniza ndi manambala, osati dzina la mwana wanu. Marauta ambiri amalola kutsegula netiweki ina ya alendo. Ophunzira apatseni imeneyo, kompyuta yosungira maakaunti ikhale payokha. Wophunzira wina akasamuka, sinthaninso pasiwedi.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi Airtel Money ndi MTN MoMo. Munthu akakuimbirani kuti watumiza ndalama molakwika, musathamangire kubweza. Yambani mwayang'ana balansi nokha, chifukwa uthenga wabodza amaulemba ngati weniweni. PIN yanu musauze munthu, ngakhale anene kuti akuimba kuchokera kukampani. Nambala yakeyo kaineneni ku bungwe loyang'anira za mafoni la ZICTA.

Magetsi a ZESCO akathima, zulani rauta ndi kompyuta pakhoma. Pobwera nthawi zina amabwera mwamphamvu, n'kuwotcha zipangizo.