Mwana wa Eni Akakuululirani Zakukhosi

Wowulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Mnzake wa mwana wanga, mnyamata wa zaka 16, anandipeza ndikusenda mbatata pakhonde, n'kundiuza kuti mtima wake umakopeka ndi anyamata anzake, atsikana ayi. Ndikambe naye zimenezi, kapena ndikauze makolo ake?" Amayi, tithandizeni.

Mlangizi: Zikomo achimwene. Mayi a ku Ndirande, onani kaye kuti mwanayo anabwera yekha. Kwathu kuno nkhani zotere mwana sakamba ndi omubereka, amapita kwa azakhali, agogo kapena anankungwi. Ndiye kumumvetsera si kulanda mwana wa eni. Mufunseni ngati akugona tulo, ngati akupitabe kusukulu, ngati pali amene akumuopseza. Musamulalikire, musamupatsenso dzina, chifukwa pa msinkhu umenewo munthu amakhala akudzifufuzabe.

Zothamangira kwa makolo, ine sindikuvomereza. Ana ena nkhani ikaphulika amathamangitsidwa pakhomo usiku womwewo. Kumbukiraninso kuti gawo 153 la malamulo a milandu limapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo mu June 2024 khothi loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula kuti lamuloli likhalebe. Lamulo limalanga mchitidwe, osati zimene mtima ukumva, koma amiseche a pachitsime sasiyanitsa zimenezo. Mufunseni mwanayo kuti kwawo amakhulupirira ndani, ndipo akafuna kukaulula, mumperekeze. Akatchula zodzipha, kapena zoti wamkulu wina akumugwiragwira, pamenepo chinsinsi chatha. Imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.

Wowulutsa: Bambo wina wa ku Kasungu akuti munthu wina wochita lendi pafupi nawo amaitanira mwana wawo wa zaka 14 m'nyumba, n'kumakamba naye nkhani zomwezi, ati akumutsegula m'maso.

Mlangizi: Bambo, mwanayo asapondenso m'nyumba imeneyo. Apa woyambitsa nkhani ndi wamkulu, chitseko chili chotseka, makolo osadziwa. Anankungwi amalangiza ana makolo atawatuma, mphunzitsi wa Life Skills amaphunzitsa kalasi yonse masanasana. Kaya munthuyo amakamba za atsikana kaya za anyamata, vuto ndi lomwelo. Kuyambira 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana pamalamulo. Mufunseni mwanayo mofatsa, popanda chikwapu, ngati anapatsidwapo ndalama kapena kuonetsedwa zithunzi pafoni. Akavomera, pitani ku Victim Support Unit ya kupolisi.