Mpikisano wa makoni ndi Physics imene ndinaimva nditagwa pa njinga

Anzanga, ndikudziwa kuti ambiri tikaona mawu oti Physics pabolodi pano timangodutsa. Imani kaye pang'ono.

Pa holide yapitayi asuweni anga amene akuphunzira ku America ankakonzekera kulowa mpikisano wa galimoto koyamba. Laisensi anali atangoipeza kumene. Pafupifupi tsiku lililonse ankatumiza mavoisi pa foni ya amayi kundifotokozera zimene akuchita. Mpikisanowo amautcha autocross. Ine ndinkayesa ndi zija za m'mafilimu, magalimoto kuthamangitsana mpaka ina kugubuduzika. Ayi ndithu.

Autocross imachitikira pa malo aakulu oimikapo magalimoto kapena pa bwalo la ndege. Okonza amayala makoni, zija zapulasitiki zosongoka zimene timaziona pa rodibuloko, n'kupanga kanjira kokhotakhota. Aliyense amayenda yekha, ndipo amene ukulimbana naye ndi wotchi basi. Ulendo umodzi umatha mphindi imodzi kapena kucheperapo. Ukagwetsa koni amakuwonjezera masekondi 2, ndipo ukasochera njira ulendo wonsewo suwerengedwa. Ku America bungwe lalikulu lokonza mipikisanoyi ndi Sports Car Club of America, lomwe linayamba mu 1944, ndipo iwo amautchanso Solo. Galimoto yake si yapadera ayi. Asuweni analowa ndi yomwe amapitira kusukulu.

Pokonzekera anachita zinthu zinayi, ndipo ndinadabwa kuona kuti zambiri zili kale m'makope athu.

1. Anakhuthula galimoto yonse: mabuku, mabotolo, kapeti ya pansi pa dalaivala. Kumbukirani lamulo loyamba la Newton. Galimoto ikaima mwadzidzidzi, botolo limene lili pampando silidziwa kuti mwaima, limapitirirabe. Likakalowa pansi pa buleki, mwapsa.

2. Anapititsa galimoto kwa oyendera. Iwo amaona ngati batire yamangidwa bwino, ngati manati a matayala ndi olimba, ngati buleki ikugwira, ndiponso ngati mafuta sakudontha. Helemeti ndi lamulo, ndipo wopanda yake nthawi zambiri amamubwereka. Asuweni anawonjezeranso mpweya pang'ono m'matayala kuti asamapindike m'mbali pokhota.

3. Anayenda njira yonse wapansi mpikisano usanayambe, limodzi ndi munthu wozolowera. Palibe ulendo woyeserera pa galimoto, ndiye njirayo umayenera kuiloweza ngati fomula.

4. Anakonzekeranso kugwira ntchito. Pamene gulu lina likuyendetsa, gulu lako limaima m'mbali kudzutsa makoni ogwa. Choncho chipewa, madzi akumwa ndi nsapato zotseka n'zofunika.

Tsiku litafika, ulendo woyamba anasochera. Wachiwiri anagwetsa makoni atatu, masekondi 6 kupita pachabe. Madzulo ndinawafunsa kuti, “Asuweni, nanga vuto linali chiyani?” Anaseka n'kunena kuti ankayang'ana koni imene ili pamphuno pa galimoto m'malo moyang'ana kutsogolo, komanso ankalowa pokhota ali pa liwiro n'kumaponda buleki ali m'kati mokhota. Pa ulendo womaliza anachepetsa liwiro asanafike pokhota. Iwo ankaona ngati akuchedwa, koma wotchi inaonetsa kuti ulendo umenewo ndiwo unali wachangu kuposa yonse.

Apa m'pamene pali phunziro lathu. Galimoto yonse imagwira msewu pa malo anayi okha, ndipo malo amene tayala limodzi limakhudza pansi ndi pafupifupi kukula kwa chikhatho. Friction ya pa malo anayi amenewo ndiyo imachita zonse: kuyendetsa, kuimitsa ndi kukhotetsa. Koma ili ndi polekezera, ngati ndalama ya m'thumba. Ukaithera pa buleki, yokhotera siitsala, ndipo galimoto imangolunjika ngakhale upotoze chiwongolero. N'chifukwa chake ozolowera amayamba kuponda buleki njira ikadali yowongoka, kenako n'kukhota.

Chachiwiri ndi liwiro. Tonse tinalemba KE = ½mv², koma ndi angati tinaganizirapo za ka 2 kali pamwamba pa v? Tiyeni tiwerengere. Galimoto ya 1,000 kg ikamayenda mamita 10 pa sekondi, amene ndi makilomita 36 pa ola, ili ndi 50,000 J. Ikafika mamita 20 pa sekondi, makilomita 72 pa ola, ili ndi 200,000 J. Liwiro lawirikiza kawiri, koma mphamvu yawirikiza kanayi. Popeza friction ya matayala ndi yomweyo, mtunda woti iime nawonso umawirikiza kanayi. Pokhota n'chimodzimodzi, chifukwa mphamvu yofunika kuti ukhote ndi mv²/r. Ukalowa pa kona yomweyo ndi liwiro lowirikiza kawiri, matayala akufunika kugwira kanayi.

Ine sindinakhulupirire msanga. Loweruka lina ndinatenga njinga ya abambo ndi mabotolo asanu ndi limodzi odzaza mchenga, n'kuwandanda pa bwalo la mpira, mapazi khumi pakati pa lililonse. Mng'ono wanga anagwira foni kuti aziwerenga nthawi. Ulendo woyamba ndinapalasa mwamphamvu, pa botolo lachitatu ndinaona kuti sindikwanitsa, ndinafinya buleki ndili chopendekeka. Tayala linatsetsereka pa fumbi, ine phi! pansi. Bondo linasupuka, mng'ono wanga kuseka mpaka misozi. Nditapuma ndinayesanso modekha, maso pa botolo lachiwiri kutsogolo, buleki ndisanayambe kukhota. Ndinadutsa onse osagunda ngakhale limodzi. Chipsera chilipo, amene akukayika andipeze pa buleki taimu.

Mwina mukuti, “Aise, ifeyo galimoto tiiona liti?” Zoona, ambiri a ife sitidzapita ku autocross. Koma tonse timawoloka msewu, timakwera kabaza, timakwera minibasi. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 14 pa sekondi imodzi. Ya makilomita 100 pa ola imadutsa pafupifupi mamita 28. Ngati dalaivala atenga sekondi imodzi kuti akuone n'kufikitsa phazi pa buleki, mamita onsewo apita asanayambe n'komwe kuima. Pakakhala mvula, mchenga pa tala kapena matayala akutha, friction imachepa ndipo mtunda umatalikanso. Tikamathamanga kuwoloka poweruka n'kumati “wandiona, aima”, tikupempha matayala chinthu chimene sangathe, ngakhale dalaivalayo atakhala wabwino chotani.

Asuweni anandiuza kuti chimene anakonda n'choti kumeneko ukalakwitsa umagwetsa pulasitiki, wina n'kuidzutsa, iwe n'kuyesanso. Pamsewu wa anthu mwayi umenewo palibe. Ndiye amene mumabwereka njinga yamoto ya achimwene madzulo n'kumayesa liwiro pa msewu waukulu, mulibe laisensi, mulibe helemeti, chonde werenganinso ndime ya ka 2 kaja.

Nali funso loti muyese: galimoto ya 1,200 kg ikuyenda mamita 15 pa sekondi. Pezani KE yake. Kenako pezani KE ikafika mamita 30 pa sekondi, ndipo fotokozani zimene zichitike ndi mtunda woimira. Lembani yankho pa kapepala n'kupatsa a komiti ya bolodi lino pofika Lachisanu. A Fomu 4, mayeso a MSCE ali pafupi, musanene kuti sindinakuuzeni.