Kusamutsa ma font pa makina okonzera vidiyo

Anyamata athu a ku Orange Farm, ku South Africa, amene amakonza mavidiyo a maukwati, maliro ndi misonkhano ya mpingo amagwiritsa ntchito kompyuta imene aipeza: wina Windows, wina laputopu yakale yoikamo Linux, wina Mac yobwereka. Vuto limabuka ntchito ikachoka pa makina ena kupita pa ena. Font, kutanthauza kaonekedwe ka zilembo, satsagana ndi pulojekiti. Pulogalamu ikamusowa imangoikapo wina, dzina la mkwatibwi n'kusefukira kunja kwa sikirini.

1. Pezani fayilo yeniyeni ya font. Pa Windows ili mu C:\Windows\Fonts, pa Mac mu Library/Fonts. Tengani ya .ttf kapena .otf, chifukwa imagwira pa makina onse atatu. Ya .dfont ndi ya Mac, musataye nayo nthawi.

2. Iikeni poyenera. Pa Windows dinani batani lakumanja la mausi, musankhe "Install for all users". Mukangoti "Install", mapulogalamu ena samuona font ameneyo. Pa Mac gwiritsani ntchito Font Book. Pa Linux ikani fayiloyo mu ~/.local/share/fonts n'kulemba fc-cache -f. Mukatero tsekani pulogalamu yokonzera vidiyo, kaya ndi Kdenlive, Shotcut kapena DaVinci Resolve, mutsegulenso. Ambiri amaiwala apa n'kuyamba kunyoza kompyuta.

3. Kukopera n'kosavuta, koma font aliyense ali ndi mwini wake. Calibri ndi wa Microsoft, ndipo chilolezo chake sichilola kumangomusamutsa. Palibe chifukwa chodzivutitsira: Carlito ndi wofanana naye kukula kwa zilembo, Liberation Sans amalowa m'malo mwa Arial, ndipo onse ndi aulere. Ma font a pa Google Fonts mungawagwiritse ntchito ngakhale pa vidiyo yolipitsa.

4. Apa ndiye musamale kwambiri. Ma font ambiri okongola, aja opindapinda omwe akwati amawakonda, alibe chilembo cha ŵ. Lembani "Malaŵi" musanayambe ntchito. Pakatuluka kabokosi, kapena chilembocho chikasiyana ndi zinzake, sankhani wina nthawi yomweyo. Vidiyo ya maliro ikafika kumudzi ku Mzimba dzina la malemu lili ndi kabokosi pakati, abale sadzafunsa za pulogalamu, adzafunsa amene anakonza.

Mu foda ya pulojekiti iliyonse sungani kafoda ka ma font amene mwagwiritsa ntchito. Popereka ntchito kwa mnzanu pa flash, perekani zonse pamodzi.