Dziwani ufulu wanu: kufunsa khonsolo ya mzinda wa Blantyre

Anthu a mu Blantyre amanyadira mzinda wawo, womwe unayamba mu 1876, komabe zimawapweteka kuona zinyalala zitaunjikana m'misika ya Limbe ndi Ndirande, mtsinje wa Mudi ukunyamulabe zonyansa chaka ndi chaka. Gawo 37 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limapatsa nzika ufulu wodziwa zomwe boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limazilola kulembera khonsolo, yomwe ndi bungwe loyendetsa mzinda, kufunsa momwe ndalama za msonkho wa malo ndi ziphaso za m'misika zagwirira ntchito. Khonsolo ikakana kuyankha popanda chifukwa chomveka, zomwe siziyenera kulekereredwa, wodandaula akhoza kukatula nkhaniyo ku Malawi Human Rights Commission, bungwe loyang'anira lamuloli.