Mulu wa Mbale: Njira Yophunzitsira za M'kati mwa Kompyuta Popanda Magetsi

Mawu oyamba

Chaka chatha tidapita kukaonerera mmodzi wa ophunzira athu akuphunzitsa pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Matawale, mumzinda wa Zomba. Phunziro lidali la kompyuta, koma magetsi adali atazima kuyambira m'maŵa. Mphunzitsiyo adachita zimene ambiri amachita zikatere: adadzaza bolodi ndi manotsi, ana nkumakopera. Chakumapeto mtsikana wina adakweza mkono nafunsa kuti, "Aphunzitsi, ndikalemba 2 + 3 × 4, makinaŵa amadziŵa bwanji kuti ayambe ndi kuchulukitsa?" Mphunzitsi adayankha kuti, "Adapangidwa choncho." Mtsikanayo adakhala pansi, ndipo sadafunsenso kanthu mpaka belu lidalira.

Ife sitidamudzudzule mphunzitsiyo, pakuti kulakwa kudali kwathu. Tidamuphunzitsa kugwiritsa ntchito makina, koma za m'kati mwake sitidamuonetse. Tsono mwana akalandira yankho lotere amayamba kuyesa kompyuta ngati matsenga, chinthu chofunika kuchiopa osati kuchimvetsa. M'nkhani ino tifotokoza phunziro limene tidalikonza titabwerako. Silifuna magetsi ngakhale kompyuta, koma limaonetsa ana m'mene chiyankhulo cha kompyuta chimamangidwira kuyambira pa maziko.

Mulu ndi chiyani?

Mwana aliyense adaonapo mbale zotsukatsuka zitasanjikizidwa pathandala. Mbale imene yaikidwa pomaliza ndiyo imayamba kutengedwa, ndipo wofuna ya pansi ayenera kuyamba wachotsa zonse za pamwamba. Kasungidwe kotere akatswiri a kompyuta amakatcha *stack* m'Chingerezi. Ife tikatcha mulu. Pa mulu pamachitika zinthu ziŵiri zokha: kusanjika ndi kutenga.

Nzeru imeneyi ili ndi mbiri yake. Mu 1924 katswiri wa ku Poland, Jan Łukasiewicz, adaonetsa kuti chizindikiro cha masamu chikalembedwa patsogolo pa manambala, mabulaketi safunikanso. Mu 1957 Charles Hamblin wa ku Australia adatembenuza njirayi, naika chizindikiro pambuyo pa manambala, chifukwa kutero kumayenerana ndi makina. Chaka chomwecho Friedrich Bauer ndi Klaus Samelson a ku Munich adalembetsa ku boma la kwawo njira yoŵerengera masamu pogwiritsa ntchito mulu. Makina oŵerengera a m'manja otchedwa HP-35, amene adatuluka mu 1972, adatsata njira yomweyi, kotero kuti adalibe batani la chizindikiro cha =.

Lamulo lake ndi lalifupi. Tikakumana ndi nambala, tiisanjike pa mulu. Tikakumana ndi chizindikiro, titenge manambala aŵiri a pamwamba, tichite zimene chizindikirocho chikunena, yankho lake tilisanjike pa mulu pomwepo.

Tiyerekeze kuti mayi wagula pa msika wa Matawale milu 3 ya tomato pa K500 mulu umodzi, ndi milu 2 ya anyezi pa K300. Tilemba motere: 3 500 × 2 300 × +. Taonani m'mene mulu ukusinthira. Nambala ya kumanja ndiyo ili pamwamba:

3
3 500
1500
1500 2
1500 2 300
1500 600
2100

Ana azindikire kuti 1500 idadikira pansi mpaka mtengo wa anyezi utapezeka. Ndi mmenenso mayi wogulitsa amachitira m'mutu mwake: amasunga mtengo wa tomato, naŵerengera wa anyezi, kenaka nkuphatikiza.

Yankho la funso la mtsikana uja

Masamu a 2 + 3 × 4 akalembedwa m'njira ya mulu amakhala 2 3 4 × +, ndipo yankho lake ndi 14. Nanga amawasanja motere ndani? Mu 1961 Edsger Dijkstra wa ku Netherlands adafalitsa njira imene adaifanizira ndi malo opatutsira mabogi a sitima, onga amene ali pa Nkaya. Manambala amadutsa molunjika, koma zizindikiro zimapatukira pa mulu wachiŵiri kukadikira. Chizindikiro chatsopano chikafika, zonse za pamwamba pa muluwo zimene zili zazikulu kuposa icho kapena zofanana nacho zimayamba zatuluka. Kuchulukitsa ndi kugaŵa nzazikulu kuposa kuphatikiza ndi kuchotsera.

Pa chitsanzo chathu, 2 adutsa, + adikira, 3 adutsa. Pofika ×, apeza wamng'ono pa mulu, choncho akhala pamwamba pake. 4 adutsa. Masamu atatha, zodikira zituluka kuyambira pamwamba: × kenaka +. Tsono makina sadziŵa kanthu. Munthu ndiye adalemba lamulo lonena za wamkulu ndi wamng'ono, makina nkumangotsata.

Chiyankhulo cha Forth

Pali chiyankhulo cha kompyuta chimene chidamangidwa chonse pa mulu. Charles Moore wa ku America adachiyamba mu 1968. Iye adafuna kuchitcha *Fourth*, koma kompyuta ya IBM 1130 imene ankagwiritsa ntchito sinkalola dzina loposa malembo asanu, motero lidakhala Forth. Mu 1971 chidagwira ntchito yoyendetsa makina otchera mafunde a kuthambo pa phiri la Kitt Peak ku Arizona. Chombo cha Philae, chimene chidatera pa nyenyezi ya mchira mu 2014, chidanyamula makina opangidwira chiyankhulo chomwechi.

Mu Forth chilichonse chimatchedwa liwu, ndipo mawu amalekanitsidwa ndi mpata. Chizindikiro cha kuchulukitsa chimalembedwa *. Liwu la DUP limasanjika nambala yofanana ndi ya pamwamba, DROP limataya ya pamwamba, SWAP limasinthanitsa ziŵiri za pamwamba, ndipo kadontho kamatenga ya pamwamba nkuilemba kuti tiione. Munthu angathe kupanga liwu lakelake pogwiritsa ntchito mawu amene alipo kale:

: SIKWEYA DUP * ;
: KYUBU DUP SIKWEYA * ;

Tikalemba 7 SIKWEYA . makina atiyankha 49, ndipo 3 KYUBU . atipatsa 27. Forth sasankha mtundu wa dzina. La Chicheŵa limagwira ntchito chimodzimodzi ndi la Chingerezi.

Kachitidwe ka phunziro

*Zofunika:* mbale zapulasitiki khumi ndi ziŵiri kapena timatabwa tolembapo ndi choko, makadi odula ku makatoni, ulusi, ndi matebulo aŵiri.

*Maudindo:* sankhani ana asanu. Woŵerenga amatchula mawu a pabolodi limodzilimodzi. Wosunga mtanthauziramawu amagwira makadi. Wosunga mulu amasanjika ndi kutenga mbale. Woŵerengera amachita masamu pa manambala aŵiri okha amene wapatsidwa. Wachisanu ayambe wadikira. Ntchito yake ioneka pa gawo lachitatu. Lamulo lalikulu la seŵeroli ndi lakuti pasakhale woganizira mnzake kapena woyang'ana kutsogolo. Aliyense achite chokhacho chimene wauzidwa.

*Gawo loyamba: womasulira.* Lembani pabolodi malamulo anayi aŵa, amene ndiwo mtima wa pulogalamu yomasulira Forth:

1. Tenga liwu lotsatira, kulekezera pa mpata.
2. Lifunefune mu mtanthauziramawu. Ukalipeza, chita zimene likunena.
3. Ukapanda kulipeza, ona ngati ndi nambala. Ikakhala nambala, isanjike pa mulu.
4. Likakhala kuti si liwu lodziŵika ndiponso si nambala, nena kuti, "Sindikulidziŵa."

Yambani ndi masamu a tomato ndi anyezi aja. Ana ena onse azijambula mulu m'makope mwawo pa sitepe iliyonse.

*Gawo lachiŵiri: mtanthauziramawu.* Khadi lililonse likhale ndi zinthu zitatu: dzina la liwu, ntchito yake, ndi ulusi wolimangirira ku khadi limene lidalembedwa ilo lisanabwere. Wosunga makadi amagwira khadi latsopano lokha, ndipo pofunafuna liwu amatsata ulusi chobwerera m'mbuyo. Mu kompyuta ulusiwo ndi nambala yonena malo amene liwu lapitalo likupezeka, monga keyala pa envelopu. Funsani ana kuti chingachitike nchiyani titalemba makadi aŵiri a dzina limodzi. Adzapeza okha kuti latsopano ndilo limapezeka, popeza kufunafuna kumayambira kumapeto.

*Gawo lachitatu: mulu wobwerera.* Lembani 3 KYUBU . ndipo Woŵerenga aloze ndi chala liwu lililonse la pa khadi la KYUBU. Akafika pa SIKWEYA ayenera kusiya khadi limeneli nkupita pa lina. Nanga akamaliza kumeneko adzadziŵa bwanji pobwerera? Musawauze msanga, kuona maso a nkhono nkudekha. Kaŵirikaŵiri mwana wina amanena kuti, "Alembe pamene wasiyira." Apa ndi pamene mwana wachisanu amayambira ntchito: amalemba malowo pa mbale nasanjika pa tebulo lachiŵiri. Chizindikiro cha ; chikafika, amatenga mbale ya pamwamba nauza Woŵerenga kobwerera. Forth weniweni alinso ndi milu iŵiri yomweyi, wa manambala ndi wa malo obwerera.

Kutsikira pa maziko

Mwana watcheru adzafunsa kuti: ngati KYUBU adapangidwa ndi SIKWEYA, ndipo SIKWEYA adapangidwa ndi DUP, nanga DUP ndi + adapangidwa ndi chiyani? Inu aphunzitsi muyenera kukhala nalo yankho.

Mawu a pansi penipeni amalembedwa m'chiyankhulo chotchedwa *assembly*, m'mene mzere uliwonse umaimira langizo limodzi la purosesa, kachipangizo kamene kamachita ntchito zonse za kompyuta. Purosesa ili ndi tizipinda toŵerengeka tosungiramo nambala imodziimodzi. Pa mapurosesa a mtundu wa x86 tina mwa ito timatchedwa EAX, EBX ndi ESI. Liwu la + lingathe kulembedwa motere:

POP EAX
POP EBX
ADD EAX, EBX
PUSH EAX

Kunena kwake nkwakuti: tenga ya pamwamba uiike mu EAX, tenganso ina uiike mu EBX, phatikiza ziŵirizo, sanjika yankho pa mulu. Izi ndi zomwe zija Wosunga mulu ndi Woŵerengera amachita ndi mbale.

Chatsala ndi chala cha Woŵerenga. Liwu longa KYUBU limasungidwa ngati mndandanda wa makeyala a mawu amene ali m'kati mwake. Kachipinda ka ESI ndiko chala choloza pa mndandandawo. Kumapeto kwa liwu lililonse la *assembly* kumakhala malangizo aŵiri amene pamodzi amatchedwa NEXT. Loyamba, LODSD, limatenga keyala imene chala chikuloza, kuiika mu EAX, ndi kusunthira chalacho patsogolo. Lachiŵiri, JMP [EAX], limatumiza purosesa kukayamba ntchito ya liwu la pa keyalayo. Palibe kapitawo woyang'anira. Liwu lililonse likamaliza limaitana linzake. Wofuna kuona ntchito yonse yathunthu afunefune JonesForth, pulogalamu imene Richard Jones adaifalitsa mu 2007, yolembedwa mu *assembly* ndi mafotokozedwe ochuluka, ndipo imapezeka mwaulere pa intaneti.

Zovuta zimene mudzakumane nazo

Choyamba ndi kuchotsera ndi kugaŵa. Tikalemba 10 4 - yankho ndi 6, pakuti nambala ya pamwamba ndiyo imachotsedwa ku ya pansi pake. Ana ambiri amatembenuza. Bwerezani chitsanzochi kangapo, ndipo muonetse ntchito ya SWAP.

Chachiŵiri ndi chifundo. Mukalemba 5 + Wosunga mulu adzapeza mbale imodzi yokha, ndipo anzake adzafuna kumuthandiza pomuuza kuti aonjezere ziro. Musalole. Aime, anene kuti mulu watha. Apa ana amaphunzira kuti pulogalamu ikalakwika, wolakwa ndi amene adailemba.

Chachitatu ndi kuchuluka kwa ana. M'kalasi lalikulu ana asanu okha sangakwanire. Mukatha kuonetsa kamodzi, gaŵani kalasi m'magulu, gulu lililonse lilembere linzake pulogalamu, ndipo maudindo azisinthana. Onetsetsani kuti atsikana akulandira udindo wa Woŵerenga ndi Woŵerengera, osati kungopatsidwa mbale chifukwa ndi mbale.

Chachinayi ndi nthaŵi. Musapanikize zonse m'phunziro limodzi. Gawo loyamba ndi lachiŵiri zikwana tsiku limodzi, mulu wobwerera tsiku lina, ndipo za *assembly* muzisungire makalasi akuluakulu.

Ntchito yoti muchite

1. Lembani (8 - 3) × (2 + 4) m'njira ya mulu, ndipo mujambule mulu pa sitepe iliyonse.
2. Pangani liwu lotchedwa KATATU lochulukitsa nambala katatu, pogwiritsa ntchito DUP ndi + zokha.
3. Lembani liwu la SWAP ndi malangizo a POP ndi PUSH okha.
4. Tsatani njira ya Dijkstra pa 2 × 3 + 4. Kodi × atuluka nthaŵi yanji, ndipo chifukwa chiyani?

Tikupempha kuti aliyense wa inu ayese phunziroli ndi anzake kuno ku koleji asanapite nalo ku sukulu, ndipo adzigwirire yekha udindo uliwonse mwa isanuyo. Mphunzitsi amene sadasanjikepo mbale ndi manja ake adzasokonezeka pamaso pa ana mulu ukangotalika. Mukabwerako koyeserera kuphunzitsa, mudzatibweretsere mafunso amene ana adakufunsani, makamaka aja amene mudalephera kuwayankha, kuti tidzawakambirane pamodzi.