Fakitale Ikasamukira ku Lesotho, Musafulumire Kukwera Basi

M'matauni ngati Newcastle ku KwaZulu-Natal, mafakitale ena osoka zovala akhala akutseka n'kusamutsira makina ku Maseru, ku Maputsoe kapena ku Matsapha ku Eswatini, kumene malipiro ndi otsika. Pakati pa otsala manja ali m'khosi pamakhalanso Amalawi. Ntchito ikatha mtima umathamangira kumudzi, koma dikirani kaye. Boma la South Africa lili ndi thandizo la anthu otere, kungoti limayendera mapepala ndi masiku, ndipo amene wafika kale ku Mangochi kapena ku Mzimba amavutika kulilondola.

Choyamba, musasaine kalata yoti mwasiya nokha ntchito. Mabwana ena amabwera ndi mawu okoma, amvekere sainani apa kuti ndalama zituluke msanga. Mukatero mwadzitsekera khomo, chifukwa thumba la UIF, lothandiza anthu amene ntchito yawathera, silipereka kanthu kwa munthu wosiya ntchito mwa kufuna kwake. Ndime 189 ya Labour Relations Act imalamula bwana kuti akudziwitseni polemba kalata ndi kukambirana nanu, kapena ndi bungwe lanu la antchito, asanachotse anthu. Kumafakitale a zovala bungwe lodziwika ndi SACTWU. Ngati muli membala, muitaneni wokuimirani tsiku lomwelo.

Kenako werengetsani zimene kampani ikuyenera kukupatsani. Lamulo limati wochotsedwa ntchito motere alandire malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene wagwira, ndipo amenewa ndi ochepetsetsa. Amene wagwira zaka 6 akulandira R1,400 pa sabata asatuluke ndi zosakwana R8,400. Pamwamba pake pali notisi ya masabata 4 kwa amene wadutsa chaka, kapena ndalama zake, komanso ndalama za masiku a holide amene simunatenge. Chenjerani pamenepa: akakupatsani ntchito ina yoyenera inu n'kuikana popanda chifukwa chomveka, ndalama za zaka zija mutha kuziphonya.

Musatuluke pageti lomaliza opanda fomu ya UI-19. Amadzaza ndi abwana, ndipo ili ndi kabokosi ka chifukwa chimene ntchito yathera. Yang'anitsitsani nambala imene alembamo. 11 ndiye kuti achepetsa antchito, 14 ndiye kuti bizinesi yatsekedwa, koma 6 ndiye kuti mwasiya nokha. Akalemba 6, abwezereni akonze mukuona. Tenganinso mapeyisilipi anu ndi kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira. Ndikanakonda munthu aliyense akanamapita ku Labour Centre mphekesera zotseka zikangoyamba, kukafunsa ngati dzina lake lilidi m'kaundula wa UIF. Pali mabwana amene amadula 1 peresenti ya UIF pa malipiro mwezi ndi mwezi koma osaitumiza kuboma, pamodzi ndi 1 peresenti yawo, ndipo kuwasaka atanyamula makina n'kuwoloka malire ndi ntchito yakalavulagaga.

Tsopano pitani ku Labour Centre ya Department of Employment and Labour. Nyamulani pasipoti, pemiti yogwirira ntchito, UI-19 ndi fomu ya UI-2.8 yodindidwa kubanki. Akaunti ikhale ya dzina lanu. Chizolowezi cholandirira malipiro mu akaunti ya msuweni kapena ya mnzanu wa kutchalitchi apa sichigwira. Mudzalembetsanso kuti mukufuna ntchito, ndipo tsiku limene akuuzani kuti mubwererenso kudzasaina musaliphonye. Amene ali ndi intaneti angathe kuyambira pa uFiling, ngakhale kwa mlendo nthawi zambiri kuonekera pamaso kumafulumiza zinthu. Muli ndi miyezi 12 kuchokera tsiku limene ntchito yatha, koma palibe chimene mungapindule pozengereza.

Musayembekezere malipiro athunthu. UIF imapereka pakati pa 38 ndi 60 peresenti ya zimene munkalandira, ndipo olandira zochepa ndi amene amapeza gawo lalikulu. Masiku 4 alionse amene mwagwira amakusungirani tsiku limodzi lolandira, mpaka masiku 365 kwa amene wasonkha zaka 4. Mukadutsa masiku 238, ndalamazo zimatsika kufika pa 20 peresenti. Ndi zogulira ufa ndi kulipirira lendi pamene mukusaka pena.

Nanga amene alibe pemiti? Ku UIF njira yawo ndi yothina, kunena zoona. Koma mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene pemiti yake inatha amakhalabe wantchito pamaso pa lamulo. Choncho amene wachotsedwa mosatsata ndondomeko angathe kukadandaula ku CCMA, bungwe lothetsa mikangano ya pantchito, kapena ku bargaining council ya mafakitale a zovala ngati fakitale yake ili pansi pake. Kudandaula n'kwaulere, fomu yake ndi LRA 7.11, ndipo iperekedwe pasanathe masiku 30 chichotsedwereni.

Ngati pa peyisilipi ankadulanso za provident fund, funsani dzina la thumbalo ndi nambala yanu ya umembala ofesi ya malipiro isanatsekedwe. Akaunti ya kubanki ndi nambala ya foni ya ku South Africa zisiyeni zikugwira ntchito mpaka ndalama zomaliza zitalowa.